Kabokosi ka Eni M'khitchini Mwathu

Kanali kabokosi kakang'ono ngati sopo wochapira, ndipo mkati mwake munali kansalu kozungulira, koyera mbee. Alangizi a zaumoyo anakapachika kudenga la khitchini yathu ku Mavwere, dzinja lomwe ndinali Sitandade 4. Anangoti, “Kakuyeza utsi aka, ndidzakatenga Lachisanu,” n'kukwera njinga. Nyumba zowadikira zinali zambiri.

Mvula ya chaka chimenecho sinkapuma. Nkhuni zinali zonyowa, choncho amayi ankakoleza moto ndi majumbo, nthawi zina ndi zidutswa za patapata wakutha. Jumbo inkasungunuka n'kumadontha moto, utsi wake wowawa kukhosi, womata m'zovala mpaka kusukulu. Mng'ono wanga, khanda la miyezi isanu ndi itatu, ankaupuma ali kumsana kwa amayi. Ankatsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe, ife n'kumati ndi chimfine cha dzinja.

Ndatopa nazo zomva pa wailesi za utsi wa mafakitale. Utsi wa jumbo m'khitchini ya mlimi ulibe lamulo, ndipo kwathu anabwera kudzauyeza kamodzi kokhako.

Lachinayi amayi anatsitsa kabokosiko n'kukatsegula. Kansalu kanali bii, ngati kunsi kwa poto. Anagwira pakamwa. “Chinthu cha eni sabweza chakuda. Atiyesa auve.” Anakachapa ndi sopo, ine ndikuthira madzi, n'kukayanika pathandala, katauma n'kukabwezera m'kabokosi muja. Alangizi atabwera sanatsegule n'komwe. Analemba nambala ya nyumba yathu, n'kuponya kabokosiko m'chikwama.

Patapita milungu ingapo kunabwera galimoto yoyera. Ana a m'nyumba zimene tinsalu tinada kwambiri ankawatenga kukawapima m'chifuwa ku boma. Anaitana a kuseri kwathu, anaitana a kutsidya kwa dambo. Amayi anafunsa za khanda lawo, ndipo alangizi anayendetsa chala papepala. “Kwanu mpweya uli bwino, mayi. Mukusamala.”

Mng'ono wangayo lero ali ndi ana awiri, koma sangamalize mzere umodzi kumunda osaima kupuma. Amayi sindiwaimba mlandu, ngakhale pena mtima umafuna. Palibe anawauza kuti kuda kwa kansaluko ndiko kunkafunika.

Tsiku lija, galimoto ikunyamuka, ine ndinali kunyadira anzanga kuti kwathu kokha ndiko kwaukhondo. Ndinadabwa kuona amayi atakhala pansi m'matope, mwana akutsokomola kumsana.