Tepi ya Dokotala ndi Chitenje cha Amayi

Dzulo telala atatulutsa tepi yake yachikasu, ndinakumbukira chipatala china cha ku Dwangwa.

Ndinali mtsikana wa sitandade 4. Ine ndi amayi tinapitako ndi mwana wa malemu mayi aang'ono, amene amayi anamutenga kuti akhale wathu. Anali ndi zaka zinayi, koma thupi linali lopinimbira ndipo mawu sankatuluka bwino.

Dokotala anamuzunguliza tepi kumutu, nayeza timaso take. Kenako anasisita pakati pa mphuno ndi mlomo, pamene panali see, popanda kangalande.

"Mayi, kuti ndimuthandize, mundiuze zoona. Kodi mayi wake ankamwa mowa ali woyembekezera?"

"Iyayi, adokotala. Kwathu ndife opemphera."

Chonsecho amayi ankatcheza kachasu kuseri kwa nyumba. Mng'ono wawoyo ali woyembekezera, m'mawa uliwonse ankamuthirira kakapu, ati kothetsa nseru. Chitenje cha amayi, chimene ndinaberekera mwanayo, chinkanunkha utsi ndi madeya osasa. M'kachipinda kotenthako fungolo linakula.

Dokotala anatembenukira kwa ine. "Nanga iwe, chemwali, sunaonepo kanthu?"

Amayi anandiponda chala. Ndinazyolika, ndikukankhira chitenjecho pansi pa benchi ndi phazi.

Mwanayo anakwawira komweko, nachitola, nakachiyala pamiyendo pa dokotala, akumwetulira.