Makoko a Mazira m'Phala la Apongozi

Ndinakwatiwa ku Nchenachena ndikudziwa mawu amodzi okha a Chitumbuka, "yewo", ndipo chaka chachiwiri chinandipeza ndikadali mlendo pakhomopo. Apongozi anga aakazi ankavutika ndi mawondo, moti pa kachitunda kopita kutchalitchi ankapumira katatu. Mwana wawo wa ku Mzuzu anawatumizira kabotolo ka makapisozi, akuti opangidwa ndi kanembanemba kam'kati mwa khoko la dzira. Anamwa n'kumati ululu wachepako. Kabotolo katatha, wa ku Mzuzuyo anangoti zii.

Apa m'pamene nzeru zayekha zinandigwira. Ndinayamba kupempha makoko kwa mayi wina wa tiyirumu. Ndinkasenda tinembanembato, kutiyanika kuseri kwa khitchini, kutipera, n'kumathira m'phala lawo. Sindinauze munthu. Apongozi anali mayi a Umanyano, gulu la amayi la kutchalitchi, odana ndi chilichonse chonunkha zitsamba. Komanso, ndisaname, ndinkafuna adzachire kaye kuti ndidzatamandidwe.

M'mawa wina mlamu wanga wamkazi anandipezerera ndikukutumulira ufawo m'poto kuchokera pakapepala. Anangonditsomphola kapepalako n'kutuluka.

Pofika masana apongozi aamuna, mphunzitsi wopuma, anali ataitanitsa banja lonse pakhonde. Ndinagwada pakati, kapepala kali patebulo. Mlamu analankhula mwachindunji kuti mkazi wothira mankhwala mobisa m'chakudya aliyense amadziwa chimene akufuna, choncho ndiperekezedwe kwathu ku Dedza maliro asanagwe. Ndinafotokoza za makapisozi ndi makoko, koma ngakhale m'makutu mwangamu zinkamveka ngati bodza la mwana. Ndinayang'ana mwamuna wanga. Iye anali kalikiliki kuwerenga zala za kuphazi kwake. Mantha ndinali nawo, koma mkwiyo unaposa, ndipo mpaka lero sindinamukhululukire bwinobwino.

Apongozi aamuna ananunkhiza ufawo, n'kufunsa akazi awo maganizo awo. Mayiwo anayamba kusisita bondo. Mawondo anganso anali atachita dzanzi pasimentipo, koma sindinayerekeze kusuntha.

"Mulekani mwana uyu," anatero mayiwo m'Chitumbuka. Kenako anapitiriza m'Chichewa kuti ndimve ndekha. "Ngopusa chomene, koma si mfiti."

Nkhani inathera pomwepo, ndipo ndinakalira kubafa poganiza kuti ndapeza mayi.

Kutacha ndinaphika phala loyera, lopanda kanthu, n'kukawapatsira nditagwada monga mwa masiku onse. Anandilandira bwino, anandifunsanso mmene ndadzukira. Kenako anatenga supuni, n'kuitembenuzira chogwirira kwa ine.

"Yambani ndinu, amama."

Kwathu timalawitsa munthu amene tikumukayikira. Ndinalawa, iwo akuyang'ana pakhosi panga mpaka nditameza. Ndinawaphikira zaka zina zisanu ndi chimodzi, mpaka tsiku limene anatisiya, ndipo m'mawa uliwonse supuni yoyamba inali yanga.