Chithunzi Chilipo, Mthunzi Uli Kuti?

Msewu wonse unkawatcha Anamthunzi. Ankagulitsa masamba ndi tomato pansi pa mtengo waukulu wapamphambano, pa thebulo la miyendo itatu, wachinayi unali njerwa. Pa zaka khumi ndi zinayi anali atauloweza mthunzi wa mtengowo ngati nkhope ya mwana wawo. M'mawa thebulo linkakhala kumadzulo kwa thunthu. Ikakwana leveni ankalikoka mapazi asanu ndi limodzi, thuu koloko mapazi anayi, faivi koloko mapazi asanu ndi atatu, njerwa ili kukhwapa. Masamba a anzawo ankafota masana asanakwane. Awo ankafika madzulo ali biriwiri.

Kenako kunamveka kuti dera lawo limangidwanso, nyumba makumi asanu ndi limodzi, msewu ndi ngalande zomwe. Anthu anasonkhana m'kalasi ya pasukulu, akuluakulu atadzipanikiza m'madesiki a ana. Wamapulani, mayi wachitsikana wamagalasi, anapachika chithunzi chachikulu pabolodi: nyumba zoyera mbee, mizere yowongoka, mawindo akuluakulu. Anthu anaomba m'manja.

Anamthunzi anadzuka n'kukaima pafupi ndi bolodi.

"Mwanangu, papepala pano dzuwa likulowera kuti?"

"Uku, amayi."

"Ndiye makonde onsewa ayang'ana komweko? Mukufuna kutiwotcha ngati njerwa mu uvuni?"

Kalasi yonse inafa ndi chiseko. Iwo sanaseke. Chala chawo chinkayenda papepalapo kufunafuna mphambano.

"Nanga mtengo uja?"

"Pamenepo padutsa msewu, amayi. Koma taonani chithunzichi, timadontho tobiriwirati ndi mitengo yatsopano makumi atatu."

"Chithunzi ndachiona, n'chokongola. Koma mthunzi uli kuti? Inu munaonapo munthu atakhala pansi pa chithunzi?"

Amuna awo, akalipentala ofatsa, anawakoka nsalu. "Khalani pansi, mayi mwana, atimana nyumba anthuwa."

"Tandisiyeni, abambo. Mwanangu, mawa seveni koloko mundipeze pathebulo. Ambulera musiye kunyumba."

Wamapulani anabweradi, kope lili m'manja. Anamthunzi anamupatsa chidebe kuti akhalire n'kumuuza kuti aziwerenga aliyense woima pansi pa mtengowo. Pofika masana anali atalemba anthu makumi anayi ndi mmodzi: wosoka nsapato, amayi oyamwitsa, wanjinga wopopa tayala, ndi akulu awiri okangana za mpira omwe sanagule ngakhale tomato mmodzi. Makasitomala akati zii, Anamthunzi ankamusonyeza komwe mphepo imachokera, njira imene madzi a mvula amadzera, ndi nyumba yakale ya denga lotulukira kunja, ya mawindo oyang'anizana, imene mkati mwake munkazizira ngati mumtsuko.

Thuu koloko itakwana anamulozera pabwalo loyera. "Khonde la nyumba zanu zija lidzakhala apo. Takakhalanipo, mulilawe."

Wamapulani anakaima pamenepo. Anatha mphindi zinayi zokha, n'kubwerera thukuta lili kamukamu, magalasi akutsetsereka pamphuno.

"Mwabwerako msanga bwanji? Alendo sanafike pakhondepo?"

Mayiyo anaseka mpaka kope linagwa. "Amayi, mwandigwira. Gwirani uko, tikoke thebulo."

Patapita milungu itatu anthu anaitanidwanso m'kalasi muja. Anamthunzi analowa mtima uli m'mwamba. Pa chithunzi chatsopano nyumba zinali zitatembenuka, makonde atalifulatira dzuwa la madzulo. Madenga anatulukira kunja, mawindo anayang'anizana, madzi a padenga ankalowa m'mathanki, osefukira n'kutsata ngalande kukamwetsa timitengo tija. Msewu utafika pamphambano unapinda bwinobwino n'kuulambalala mtengo. Pansi pa mtengowo panajambulidwa timabokosi tinayi.

"Timabokosi iti n'chiyani?" anafunsa Anamthunzi, nkhope itasintha. "Mwandibweretsera anzanga atatu opikisana nawo?"

"Ayi, amayi. Ndi thebulo lanu lomwe lija. Ili la seveni koloko, ili la leveni, ili la thuu, ili la faivi."

Anamthunzi analulutira mpaka mwana amene anagona kumbuyo kwa mayi wina anadzidzimuka. Kenako anatembenukira kwa amuna awo.

"Mwamva, abambo? Thebulo langa lalowa m'mapulani. Ndiye lizikhalabe pa njerwa?"

Akalipentala anakanda mutu. Loweruka lomwelo anakhoma mwendo wachinayi, ndipo popanda wowauza anaikanso timatayala.