Sitima ya Eneless pa chitunda cha Sakubva

Bambo ake a Eneless, a Yoswa, anali munthu wa ku Mulanje amene anakalambira pa famu ya fodya kufupi ndi Odzi, ku Zimbabwe. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija anali msilikali, koma akamasimba za kunkhondo sankatchula mfuti. Ankasimba za sitima yonyamula akasinja, yaphwatalala kunsi, yosafuna doko. Ankati ili pakati pa nyanja ankaimwetsa madzi m'mimba kuti mafunde asaiseweretse. Ikayandikira mtunda ankawapopa madziwo, iyo n'kukwera pamchenga. Kenako zitseko ziwiri zakutsogolo zinkayasama, lilime lachitsulo n'kugwa pansi, akasinja n'kumatuluka.

"Nanga inu munkatani, ababa?" ankafunsa Eneless ali mtsikana.

"Ndinkapaka girizi m'zitseko ndi kumanga akasinja ndi maunyolo. Pa zithunzi za kunkhondo sindionekapo. Koma chitseko chikanakana, akanatuluka ndani?"

Famu itagawidwa mu 2002, a Yoswa ali kale kumanda, Eneless ndi amuna ake a Bryson anasamukira ku Sakubva mumzinda wa Mutare, m'kanyumba ka m'munsi mwa chitunda chamchenga. A Bryson ankasenza katundu pamsika mpaka chaka chimene anafa mbali imodzi. Kuyambira pamenepo tsiku la Eneless linali kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuchapa zofunda, ndipo pokhapo n'kukayala tomato. Anthu akabwera kudzazonda ankati, "Koma a Bryson akuoneka bwino!" ngati kuti amadzisambitsa okha.

Lachiwiri lililonse ankafunika kuchipatala kukawongoletsa ziwalo. Njinga ya olumala anali nayo, yochokera kutchalitchi, koma pamchenga inkangotitimira. Choncho Eneless ankabereka amuna ake kumbuyo mpaka pamsewu wa tala pamwamba pa chitunda, n'kuwakhazika pamwala, n'kubwerera kukatenga njinga. Anachita zimenezi miyezi isanu ndi iwiri, msana n'kukana.

Munyaradzi, mng'ono wawo wa a Bryson, anabwera n'kumupeza akuyenda mowerama.

"Alamu, mwayesetsa. Ndibwera ndi lole, achimwene tikawasunge kumudzi ku Marange."

Eneless ankadziwa kumudziko. Chipatala chili kutali, ndipo zala za a Bryson zinali zitangoyamba kugwira sipuni. Akapita kumeneko zikaumanso.

"Mundipatse masabata awiri, alamu. Ndikalephera kuwafikitsa pamsewu osawabereka, mudzawatenge."

M'mawa mwake anapita kwa Nomatter, bambo wowotcherera zitsulo kuseri kwa msika, atasenza bedi lakale lachitsulo. Anajambula pansi ndi kamtengo: ngolo yaifupi, yaphwatalala, ya matayala otambalala, kutsogolo kwake chitseko chogwa pansi kuti njinga ilowe ndi munthu wake yemwe.

"Amai, iyi ndi ngolo kapena khola la nkhumba?"

"Ndi sitima."

"Sitima ku Mutare? Nyanja mwaiona kuti, kuseri kwa phirilo?"

"Inu wotcherani basi. Za nyanja ndisiyireni."

Patatha masiku asanu anaiyesa ndi matumba awiri amchenga. Chitseko chinagwa bwino, matayala sanatitimire, koma pakati pa chitunda mphamvu zokankhira zinamuthera. Ngolo inabwerera chambuyo, n'kukagunda beseni la zochapa. Amayi oyandikana nawo anaseka mpaka kugwirana. "Sitima yamira!" anafuula mmodzi.

Eneless anatola zovala zija n'kuyambanso kuzichapa. Ali mkati mosukuluza, anakumbukira funso lina limene anafunsapo bambo ake: sitima ikakwera pamchenga imachokapo bwanji? A Yoswa anaseka tsiku limenelo. Anati woyendetsa wanzeru amaponya nangula kumbuyo asanafike pamtunda, chingwe n'kumatsatira. Akasinja akatuluka, makina amapukusa chingwecho, sitima n'kudzikoka yokha kubwerera m'madzi. Palibe woikankha.

Anasiya zochapa zili m'madzi, n'kuthamangira kwa Nomatter. Nomatter anamusongolera chikhomo chachitsulo chotalika ngati mwendo, ndipo anachikhoma pamwamba pa chitunda. Pangolo anamangirira chopukusira chingwe cha pachitsime chakale, n'kuikapo kachitsulo kogwira kuti chingwe chisabwerere. Nthawi ino Nomatter sanaseke.

Loweruka lake lole ya Munyaradzi inaima pamsewu dzuwa litakwera. Amayi aja anatuluka ndi ndowa zawo, ena opanda ndowa. Eneless anawaveka a Bryson jekete la kutchalitchi, n'kugwetsa chitseko cha ngolo, n'kulowetsa njinga, n'kuimanga ndi unyolo mbali zonse ziwiri. Kenako anakola chingwe pachikhomo, n'kutsika, n'kugwira chopukusira.

Ngolo inalira, n'kusuntha. Anapukusa akuyenda pambali pake, msana uli chilili. Pamalo pamene inabwerera paja, manja anatopa ndipo anasiya. Amayi anati "Mayo!" Kachitsulo kanagwira, ngolo n'kuima phee.

"Ndikuthandizeni, alamu?" anafuula Munyaradzi.

"Khalani pomwepo. Mwadzera umboni, osati ntchito."

Anapuma, n'kupukuta thukuta, n'kuyambanso. Matayala akutsogolo atagunda tala, anamasula maunyolo n'kuwerama kuti atsegule chitseko, koma a Bryson anang'ung'udza kuti asiye. Anatambasula dzanja lija lakufa, zala n'kukola kachitsulo kotsekera. Anakoka kawiri osatheka. Kachitatu chitseko chinagwa pamsewu kuti gwaa! Njinga inatsika yokha.

Nthungululu zinamveka mpaka kumtsinje. Mayi amene anati sitima yamira ndiye ankavina kuposa onse.

Munyaradzi anavula chipewa, n'kuyang'ana dzanja la mkulu wake nthawi yaitali.

"Achimwene, ndiye kumudzi?"

"Pita wekha," anatero a Bryson, lilime likulemera. "Ine Lachiwiri ndili ndi ulendo."

Lole inabwerera yopanda a Bryson. Lero ngolo ija imakwezanso mayi wina wodwala miyendo ndi matumba a chimanga a nyumba zonse za mzere wawo, ndipo anthu amangoitcha sitima. Ambiri amati anaipanga ndi Nomatter. Eneless satsutsa. Lolemba lililonse amatenga kachitini ka girizi n'kukapaka m'chitseko, kuti Lachiwiri chisakane.