Kabotolo ka a Noeleen

A Noeleen Cavallaro agwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu pamalo oswetsera mapuloni, tinkhanu ta m'nyanja tija, kufupi ndi tauni ya Cardwell. Ng'ona za mumtsinje saziopa, bwana samuopa. Chimene amaopa ndi kuwala. Pali tizilombo tina timene tikalowa m'thanki, ana a mapuloni amayamba kuwala ngati ziphaniphani, ndipo pakatha masiku awiri onse amakhala atafa. Anazionapo kamodzi, mathanki khumi kutha psiti.

Ntchito yawo ndi kuyesa chimene timachitcha msuzi, madzi otsala ukalera tizilombo tabwino ta mu yogati kenako n'kutisefa. Amathira msuziwo m'kabotolo ka tizilombo towala tija n'kulowa nako m'kachipinda kopanda zenera. Kabotolo kakazima, ndiye kuti msuzi wapha tizilomboto. Koma asanayang'ane amakakhutchumula katatu, ndipo ine, pa zaka zisanu ndi ziwiri zimene ndagwira nawo, ndinkangoti ndi zaukalamba.

Lachiwiri lina thanki yachinayi inayamba kukayikitsa. A Noeleen anathira msuzi m'thankimo ndi m'kabotolo, kenako dzino linawasowetsa mtendere, anathamangira kwa dokotala ku Tully. Kabotolo anandisiyira ine.

Nditalowa nako m'kachipinda kaja masana, kabotoloko kanali bii. Ndinapita monyadira kukauza a Merv, bwana wathu, kuti msuzi wagwira. Iwo anatsegula paipi yosamutsira ana a m'thanki yachinayi kudziwe lalikulu, kumene kunali ena onse a chaka chimenecho.

A Noeleen anabwera tsaya litatupa.

"Munakhutchumula, a Lionel?"

"Aaa mayi, kanazima kokha. Kukhutchumulanso n'kwachiyani, ngati tikusakaniza thobwa?"

Sanaseke. Anandikokera m'kachipinda, natseka chitseko.

"Imvi zonsezi simudziwa? Tizilomboti tikasowa mpweya timazima tili moyo!"

Ndinamva kabotolo kakukhutchumulidwa mumdimamo. Pa kachitatu kanawala, mpaka ndinaona zala zawo ndi mphete yomwe.

"Thanki yachinayi musaikhudze," anatero.

"A Merv atsegula paipi."

"Liti?"

"Ola lapitalo."

Sindinadziwe kuti mayi wa zaka zimenezo angathamange chotero. Anatseka paipi ndi manja onse awiri, a Merv akukuwa kumbuyo kufunsa chalakwika n'chiyani, koma thanki inali itatsika kale kupitirira theka. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangotunga madzi a padziwe m'kapu yagalasi, tiana tikuyendayenda m'menemo, n'kundikodola kuti tibwerere m'kachipinda.

Ndinatseka chitseko, ndinatsekanso maso. Ndinkaopa ngati mwana. Ndinamva madzi akugwedezeka m'kapu, kenako a Noeleen anausa moyo.

"Tsegulani maso, a Lionel," anatero motsitsa mawu. "Nanunso muone kuwalaku, kuti muzidzaopa nane."