Chipinda cha Koko

Achemwali anga anthu amangowatchula kuti Mayi a Koko. Kwa zaka khumi ndi chimodzi akhala akupanga chokoleti m'khitchini mwawo n'kumakasiya m'mashopu atatu a mumsewu wathu. Ine ntchito imeneyi sindinaisirirepo. Munthu kukhala chiweramire m'mawa wonse kusankha njere za koko imodziimodzi, kutaya timiyala, zosweka ndi zopanda kanthu m'kati. Ndiye kukazinga mu uvuni, kuziswa ndi botolo, kuuluza mankhusu ndi makina oumitsira tsitsi mpaka m'mutu monse mbuu! Kenako kachigayo ka miyala kamalira masiku awiri osapuma. Ukawapatsa moni amangoti, "Msana uwu, koma tilipo."

Nyumba yawo ili ndi zipinda ziwiri. China chimatentha masana ngati uvuni, ndipo mvula ikagwa chimadontha pakona. Chinacho n'chozizira, chouma bwino. Muganiza iwo ndi amuna awo ankagona kuti? M'chotenthacho. Chozizira chinali cha koko. Matumba ankakhala pamatabwa, osagunda pansi kapena khoma, ndipo m'menemo simunkalowa sopo, anyezi, parafini, ngakhale ineyo ndikadzola perefyumu.

"Njerezi zimayamwa fungo, iwe," ankatero akunditsekera chitseko pamphuno. "Ukalowa muno anthu adya iweyo."

Alamu anga anali dalaivala wa basi, munthu wanthabwala. Ankati mwini nyumba ndi koko, iwo ndi mlendo chabe. Chaka chatha anadwala sitiroko, mbali yakumanja n'kufa, pakamwa n'kupotoka. Atatuluka m'chipatala, kutentha kwa chipinda chawo kunawatulutsa zilonda kumsana. Achemwali sanafunse munthu nzeru. Anakankhira matumba mbali imodzi n'kulowetsa bedi m'chipinda cha koko. M'mawa ndi madzulo ankawatikita mkono ndi mwendo ndi mafuta onunkha bulugamu.

Patatha miyezi iwiri, mwini shopu wina anabweza katoni yathunthu.

"Pepani mayi, makasitomala akuti ikumveka chipatala."

Achemwali ananunkhiza koma sanamve kanthu, mphuno inali itazolowera. Ananyema kachidutswa n'kundipatsa. Ndinalavula. Anali mafuta otikitira okhaokha.

Ine pakamwa panga sipachedwa. "Abwezereni alamu kuchipinda chawo, muwagulire fani. Ntchitoyi ikafa mudya chiyani?" Ndinayankhula mokweza, kuiwala kuti munthu akafa mbali makutu amamvabe.

Achemwali anasamutsa koko m'malo mosamutsa mwamuna. Anagula thumba latsopano n'kuliika m'chipinda chotentha chija, pamatabwa omwewo. Sipanatenge nthawi, njenjete zinaswana, ndipo mvula itayamba njere za pansi zinachita chuku. Tsiku lina ndinawapeza pakhonde akudula njere ndi mpeni, kuyang'ana m'kati, n'kuponya m'ndowa ya zinyalala. Ina, inanso, inanso. Anali atatopa moti ngakhale misozi sinkabwera.

Tili pomwepo tinamva chinthu chikugwa m'nyumba. Tinathamanga, ndipo tinapeza alamu ali pansi pafupi ndi chitseko, pilo ali m'dzanja lamoyo lija. Anali atadzigwetsa pabedi n'kudzikhwekhwereza ndi chigongono.

"Mukupita kuti, bambo?" anafunsa achemwali.

Mawu anatuluka movutika, malovu akutsika pachibwano. "Chi... chipinda... n'cha koko."

Manyazi anandigwira, ndinalakalaka nthaka itandimeza. Achemwali anakhala pansi pasimenti, n'kutsamira khoma.

"Bambo inu mwanditopetsa," anatero motsitsa mawu. "Matumba ndawanyamula kawiri konse, ndiye ndizinyamulanso inu? Koko amagulidwa, mwamva?" Kenako anandiyang'ana. "Gwira miyendo, iwe."

Tinawabwezera pabedi. Poweramuka achemwali anagwira m'chiuno n'kuluma mlomo.

M'mawa mwake ndinapeza nyumba ili zii. Kachigayo kanali katatsukidwa, katafunditsidwa nsalu pamwamba pa kabati. Zaka zonsezi ndimadandaula za phokoso lake, koma tsiku limenelo chete wake anandiwawa mumtima.

"Wabwera bwino," anatero achemwali. "Ndithandize matabwa awa."

Anali matabwa a koko aja, ndipo ndinkayesa tikukawataya. Ayi, tinawasanja pansi pa miyendo ya bedi la alamu, kuti likwere kufika m'chiuno, iwo asamaweramenso powatikita. Titamaliza ndinabwerera pakhomo mwachizolowezi, poti ndinali nditadzola. Achemwali anatsegula kabotolo ka mafuta aja, chitseko chili yasa.

"Lowa ndi perefyumu wakoyo," anatero osacheuka. "Muno mulibenso choti chiwonongeke."