Matailosi agwa, manijala akufunsa za amuna anga

Shopu ina ya zomangira ku Barking yandiwonongetsa bafa. Nditapita kukadandaula, andifunsa ngati kunyumba kulibe mwamuna.

Nkhani yake ili chonchi. Mwana wanga Tadala wabwerera pakhomo ndi khanda, banja latha. Akugona m'chipinda chapansi, kubesimenti. Bafa m'nyumba muno ndi limodzi, lili pamwamba penipeni. Munthu wobereka ndi opaleshoni azikwera masitepe onsewo? Omanga atanditchulira mtengo womangira shawa kubesimentiko ndinangoseka. Ndinati shawa imeneyi ndimanga ndekha.

Sindinagwirepo tailosi chibadwire, ndipo sindinabise. Loweruka lina m'mawa ndinalowa m'shopumo, zithunzi za chipindacho zili pafoni. Ndinawauza bambo a pakauntala kuti ndine wongoyamba kumene, malowo ndi apansi, khoma limachita chinyezi. Ndinafunsanso za mankhwala opaka kukhoma oletsa madzi kulowa, amene ndinawaona m'mavidiyo. Iwo akuti kumeneko n'kutaya ndalama, tailosi payokha silowa madzi. Anandisankhira mabolodi omatapo matailosi ndi guluu, akuti aliyense amagula zomwezi.

Ndinawakhulupirira. Si ndiyo ntchito yawo?

Ndinkaweruka kosamalira okalamba, kutsika basi, kuvala ovolosi. Mawondo anatupa. Zala zinang'ambika. Koma shawa inatha, mizere yowongoka bwinobwino.

Sinathe mwezi. Lachiwiri lapitali Tadala akusamba, matailosi anayi anamatuka n'kugwa. Imodzi inamucheka phazi. Kuseri kwake bolodi inali itafewa ngati buledi wonyowa, chuku chili bii. Ndipo mdzukulu wanga amagona kuseri kwa khoma lomwelo.

Ndinaika chidutswa cha bolodiyo m'jumbo, ulendo wa kushopu. Teni koloko ndinali pakauntala. Bambo aja atangondiona, anazembera kuseri. Mtsikana wolandira ndalama patilu akuti ndidikire manijala. Manijalayo anatulukira cha m'ma thwelofu, kapu ya khofi ili m'manja. Anasuzumira m'jumbomo, akuti bolodi imeneyi si ya m'bafa, aliyense amadziwa. Ndinamufunsa kuti nanga wantchito wawo sali m'gulu la aliyenseyo? Akuti iwo amagulitsa katundu, samanga nyumba. Kenaka ndiye funso lija, akumwetulira: kodi kunyumba kulibe mwamuna woti akanakuthandizani?

"Amuna anga ndinawaika m'manda ku Balaka," ndinamuyankha. "Amene anagula katundu wanu ndi ine ndaima panoyu. Muyankhe ineyo."

Anangoti pepani ngati mwakhumudwa, n'kunditambasulira kapepala kotsitsira mtengo ndikadzagulanso. Ndidzagulenso chiyani? Chuku china? Ndinakasiya pakauntala pomwepo.

Kunyumba Tadala anandichonderera, phazi lili m'bandeji. "Mami, zisiyeni basi, tingoitana omanga."

Ndakana. Dzulo ndagumula khoma lonse ndi hamala. Mwanayo ndi khanda lake ndawasamutsira kuchipinda kwanga, ine ndikugona pasofa. Bolodi ya simenti ndi mankhwala aja ndakagula kwina. Ndimanganso ndi manja omwewa.

Inu eni shopu, mundiyankhe. Munthu amene munamuika pakauntala munamuphunzitsa chiyani? Ndi mabafa angati kuno ku Barking akuwola mkati chifukwa cha pakamwa pake? Dandaulo langa lapita kulikulu lanu, ndipo Loweruka ndikubweranso ndi jumbo yanga.

Amayi anzanga, mukafuna kumanga, mangani. Koma wogulitsa akakuuzani kuti madzi salowa, mufunseni ngati adzabwere kudzasamba yekha.